Tsiku Limene Agogo Anakhala Pansi

Tiyi wa m'mawa anathiridwa m'makapu asanu, koma okhala pansi anali anayi. Agogo ankamwa wawo ali chiimire, monga mwa masiku onse. Ankachoka pa zenera kukafika pa kabati, n'kuchoka pa kabati kubwereranso pa zenera, kapu ili m'manja, nsapato zikulira pa simenti. Mpando wawo unalipo pafupi ndi khomo la kukhitchini, koma unasanduka poika zovala zosita. Mumsewu monse ankawatchula kuti a Sakhalapansi, ndipo iwo ankavomera.

Kalata ya kusukulu inali pakati pa tebulo, itatsamira mbale ya shuga. Mayi a mwana anali ataiwerenga kanayi kuyambira dzulo, koma mawu ake sanasinthe. Tsiku lake linali mawa: makolo abwere ndi mwana 8 koloko m'mawa. Ili ndi chenjezo lachitatu, ndipo sukulu ikuganiza zopereka malo ake kwa mwana wina.

Mwini nkhaniyo, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, ankangotembenuza buledi m'mbale osadya.

"Tandiuza bwino, iwe," anatero bambo ake, atavala kale yunifolomu ya kampani ya mabasi. "Ahedi alowa m'kalasi, anzako onse aimirira. Iwe unali pa mpando wachifumu?"

"Ndimafuna kuimirira."

"Ndiye?"

"Miyendo inakana."

"Miyendo inakana," anabwereza azakhali, mlongo wa bamboyo, akuthira shuga supuni yachitatu. "Miyendo yomweyi yopambana mpikisano wothamanga? Tamuonani akatumba, ngati wonyamula matumba pamsika. Pa bwalo imavomera, pamaso pa ahedi imakana. Ili ndi maso miyendoyo."

"Nanga za rula?" anafunsa bambowo. "Aphunzitsi akuti bweretsa rula, iwe ukukokana nawo pamaso pa kalasi yonse. Dzanja nalonso linakana?"

Mtsikanayo anangogwedeza mutu kuvomera. Kusukulu anzake anali atamupatsa kale dzina loti Chitsa.

Agogo anafika pa zenera, n'kutembenuka.

Mayi a mwana anayang'ana kanjira kopita kuzipinda, komwe kunali kampando kamatabwa. Nzeru ya kampandoko inali ya azakhali. Madzulo alionse mtsikanayo akaweruka ankakhala pamenepo ola lathunthu, manja pa mawondo, osagwedezeka, kuti aphunzire kumvera. Ola likakwana ankamuitana mwadzidzidzi. Ndipo tsiku lililonse mwanayo ankachedwa kudzuka, n'kuima atawerama ngati nkhalamba, mano atalumana. Azakhali ankati, "Mwaona? Mwano umenewo," n'kumuwonjezera mphindi zina. Nthawi zonsezo agogo ankatenga chipewa n'kunena kuti akukaona ngati kubwere mvula.

"Lero ndi tsiku la kuchipatala lija," anatero mayiwo. "Ndapempha kale kusitolo, achemwali amene ndimagwira nawo ntchito andigwirira."

Miyezi iwiri yapitayo mwanayo anagwa kawiri pa masitepe a kusukulu, ndipo a pachipatala chaching'ono anawalembera tsiku lokaonana ndi dokotala wa mitsempha ku chipatala chachikulu.

"Pitani," anatero amuna awo akuyang'ana wotchi. "Koma mankhwala a makani sindinamvepo kuti amapereka pa windo."

"Ndikuperekezani," anatero agogo, bambo a mayiwo, ali kuseri kwa mwana wawo wamkaziyo. "Ndikufuna ndiwongole miyendo."

"Inu bambo, miyendo yanu inapindikapo liti?" anatero azakhali, ndipo onse anaseka kupatula mwana.

M'basi munali mipando yambiri yopanda anthu, koma agogo anaima pakati, chigongono chitakoleka pa chitsulo, akusinthanitsa mapazi ngati munthu woponda pa mchenga wotentha. Mayiwo anakhala ndi mwana pa mpando wa pawindo. Mutu wawo unali pa mawa. Sukulu ina yapafupi inali yodzaza, ndipo yotsatira inali kutsidya kwa tauni, ulendo wa mabasi awiri. Ndani angalandire mwana wochotsedwa chifukwa cha mwano? Anatsegula kachikwama, n'kuona kuti kalata ilimo, n'kutseka. Patapita kanthawi anatsegulanso.

Chipatala chitayamba kuonekera patali, agogo anagogoda bondo la mdzukulu wawo ndi mlomo wa chipewa.

"Gwedeza mapazi, mnzanga. Tatsala pang'ono."

Mtsikanayo anayamba kuvinitsa mapazi pansi pa mpando, zidendene zikugunda chitsulo.

"Bambo, musamamuphunzitse zimenezo," anatero mayiwo. "Kusakhazikika kwanuko kukhale kwanu. Mwanayu ali kale pa mlandu."

Basi itaima, mwanayo anadzuka n'kutsika bwinobwino, ndipo mayi ake anapumira m'mwamba. Anaganiza kuti mwina azakhali akunena zoona, miyendoyi imasankha.

Pa khonde la madokotala panali mabenchi aatali ndi fungo la mankhwala okolopera. Anadikira maola awiri. Agogo anayenda khonde lonselo kuchoka pa thanki ya madzi akumwa kukafika pa chitseko cha kumapeto, mpaka mayi wokolopa anayamba kuwapatsa moni ulendo uliwonse. Namwino ataitana nambala yawo, mayiwo anaimirira msanga n'kukoka mwana pa mkono. Mwanayo anadzuka theka, n'kuuma pomwepo, mawondo atapindika, maso ali tong'o.

"Usandichititse manyazi pano," ananong'ona mayiwo.

"Musiyeni, mayi," anatero dokotala, yemwe anali ataima pa khomo. Anali mzimayi wamfupi wa magalasi, ndipo ankayang'ana miyendo ya mwanayo osati nkhope. "Musamukoke. Ndikufuna ndione zimenezi."

Dokotalayo anawerenga masekondi chamumtima. Patapita kanthawi miyendo inamasuka, mwanayo n'kulowa akukoka mapazi, kenako akuyenda ngati wina aliyense. Agogo anatsala panja.

Chipindacho chinali chaching'ono: bedi lalitali, tebulo, kompyuta, ndi chitseko cha galasi lachimbuuzi. Dokotala anatambasula zala ziwiri.

"Finya zala zangazi mwamphamvu. Usandimvere chisoni. Eya. Tsopano siya."

Dzanja la mwanayo silinasiye. Zala zinatseguka chimodzichimodzi, pang'onopang'ono, ngati chitseko cha dzimbiri.

"Finyanso. Siya. Finyanso."

Kachitatu zinafulumirako. Kachisanu dzanja linatseguka nthawi yomweyo. Dokotala anatenga kanyundo ka labala n'kugogoda pa mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu, ndipo chalacho chinapindikira chokha m'chikhatho, n'kukhala momwemo.

"Si ine ndachita," anatero mwanayo mofulumira.

"Ndikudziwa, mayi wanga. Ndaona kuti si iwe."

Kenako anamugoneka pa bedi, n'kumubaya kasingano kopyapyala pa ntchafu, kolumikizidwa ku kompyuta ndi waya. Mwanayo analuma mlomo. M'sipika munatuluka phokoso lokwera n'kutsika, ngati njinga yamoto imene mwini wake akuipemerera ili poima.

"Umenewo ndi mnofu wako ukuyankhula," anatero dokotala. "Mnofu wa munthu wogona chonchi umayenera kukhala chete."

Atachotsa singano anakokera mpando pafupi ndi mayiwo, natenga pepala.

"Thupi lonseli, mayi, ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Timatitchula kuti maselo. Selo lililonse lili ndi khungu lake, ndipo pa khungupo pali timakomo. M'kati ndi kunja komwe muli madzi a mchere. Mchere umene mumathira m'ndiwo uja ukasungunuka umagawika pawiri, sodiyamu ndi kloraidi, ndipo awiriwa ali ndi mphamvu za magetsi zotsutsana. Mukunditsatira?"

"Pitirizani, adokotala."

"Ubongo ukalamula kuti gwira, timakomo ta sodiyamu timatseguka, sodiyamu n'kuthamangira m'kati. Selo la mnofu limadzidzimuka, mnofu n'kukungika. Lamulo likatha, selo lija liyenera kukhazikika, lisadzidzimukenso palokha. Ntchito yolikhazika mtima pansi, yambiri ndi ya kloraidi, amene amadutsa pa timakomo take. Mwa mwana wanuyu, timakomo ta kloraidi tambiri sititseguka bwino. Ndiye ubongo umakhala utanena kale kuti siya, koma mnofu umangodzidzimukabe wokha, kakhumi, kamakumi awiri, mpaka phokoso mwamva lija litatha."

"Ndiye akamati dzanja lakana…"

"Limakhala litakanadi. Zimavuta kwambiri akakhala nthawi yaitali osagwedezeka, kenako n'kumudzidzimutsa. Akayamba kuyenda minofu imamasuka, mpaka kuthamanga kuposa anzake. Chifukwa chake chenicheni ngakhale ife sitinachimvetse bwinobwino, koma ndi mmene zimakhalira. Akatumba akuluwa ndi chifukwa choti minofu yake imagwira ntchito ngakhale iye asanaitume."

Mayiwo anaona kampando kamatabwa kaja m'maganizo, ndi timanja tiwiri pa mawondo.

"Ndi zoopsa?"

"Sizifupikitsa moyo. Kloraidi yemweyu amagwira ntchito malo ambiri. M'mimba amathandiza kupanga asidi wogaya chakudya, m'mapapo amakoka madzi kuti makhololo asalimbe, mu ubongo amaziziritsa maselo akatentheka. Koma kulikonse kuli timakomo ta mtundu wakewake. Ta mwanayu tovuta ndi ta m'minofu yoyendetsa thupi basi. Mtima suli m'gulumo. Choopsa ndi kugwa, ndi anthu osamumvetsa. Mankhwala ofewetsa alipo zikanyanya, koma ambiri amangophunzira kugwedeza thupi asanadzuke. Tidzayezanso magazi mwapadera kuti titsimikize kotheratu, koma zimene ndaona lero n'zokwanira kuti ndilembere a kusukulu."

Anayamba kulemba, kenako anaima.

"Zimenezi zimakhala zakumtundu. Kwanu kapena kwa bambo ake alipo wina?"

"Palibe."

"Nthawi zina kholo limakhala nazo pang'ono osadziwa. Munthu akayetsemula zikope n'kuchedwa kutseguka, basi. Ndipo akuluakulu amene anakula nazo amadzipezera njira zobisira. Ena sapereka moni wa m'manja. Ena sakonda kukhala pansi."

Pa galasi la chitseko panadutsa chithunzithunzi cha munthu wa chipewa, kupita kumanzere. Mayiwo anachiyang'anitsitsa. Anadikira. Chinadutsanso kupita kumanja, manja ali kumbuyo, monga agogo ankachitira akakumana ndi alendo. Mayiwo anakumbukiranso zikope za iwo eni, mmene zimamatirira akayetsemula ali pakati pa nsalu zafumbi kusitolo. Ankangoti ndi mmene aliyense amachitira.

"Palibe, mwatero?" anafunsanso dokotala.

"Ndikafunsa kunyumba," anatero mayiwo.

Kunyumba anapeza azakhali akusenda anyezi, ndipo mayiwo anawafotokozera mmene akanathera, za maselo, za sodiyamu ndi kloraidi. Azakhali anamvetsera mpeni uli m'mwamba, kenako anapukuta maso ndi mkono, mwina chifukwa cha anyeziwo. Koma pa chakudya cha masana mwanayo atangolawa ndiwo za m'mbale mwake analavula.

"Zawawa mchere."

"Idya," anatero azakhali. "Ndi mankhwala. Amayi akowa akuti kolaidi wakoyo amakhala mu mchere. Ndakuthirira masupuni awiri, mawa ukadumpha ngati chiwala pamaso pa ahedi."

"Alamu, mwana mumupha," anatero mayiwo akulanda mbaleyo. "Kloraidiyo ali naye wokwanira, magazi anayeza kale kuchipatala chaching'ono chija. Chovuta ndi timakomo. Anthu akaunjikana pakhomo lokhoma, mumaitananso ena?"

"Nanga ine ndidziwa bwanji? Ndinapita ku sukulu ya udokotala ine?" Azakhali anatenga mbale ija n'kuima nayo pakhomo la khitchini, osalowa. "Ine ndimati ndikuwongola mwana, mlamu. Kampando kaja ndimati ndikumuwongola."

"Tonse timatero."

Agogo anali atadyera panja, chiimire. Mayiwo anawapeza kuseri kwa nyumba, akuyenda m'mbali mwa chingwe choyanikira zovala. Anayamba kuanula mashati a amuna awo, ngakhale anali asanaumitsitse.

"Bambo, ndipatseni moni."

"Moni wanji, ngati sitinaonane m'mawa?"

"Wa m'manja. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, sindikumbuka dzanja lanu lili m'dzanja langa."

Agogo anafika pa mtengo wa chingwe, n'kutembenuka. "Ine ndilibe matenda. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndagawa makalata, nyumba ndi nyumba, sindinajombepo tsiku."

"Ntchito yoyenda. Munaisankha nokha?"

Agogo anayendanso maulendo awiri. Ulendo wachitatu anayankhula akuyang'ana pansi.

"Ntchito yanga yoyamba inali ya pa siteshoni, yonyamula katundu. Tsiku lina sitima inachedwa, tinakhala pa benchi ola lonse. Itafika, kapitawo anaimba wezulo, anzanga onse n'kudumpha. Ine ndinadzuka n'kugwa ngati chipika, nkhope pa simenti, pamaso pa anthu odzaza pulatifomu. Ankaseka mpaka ana. Kapitawo anati ndaledzera, ine mowa sindinaulawepo. Anandichotsa tsiku lomwelo. Kunyumba bambo anga anamva za mowazo, nawonso n'kundiwonjezera zawo." Anakonza chipewa. "Kuyambira tsiku limenelo palibe munthu anandionanso ndikudzuka. Ngakhale malemu amayi ako. Ndinkadzuka iwo ali m'tulo."

"Ndiye munkadziwa."

"Dzina lake sindinkalidziwa."

"Koma munkadziwa, bambo. Mwana ali pa kampando paja, inu munkadziwa."

"Ndinkatuluka," anatero agogo motsitsa mawu. "Ndinkati adzapeza yekha njira ngati mmene ndinapezera ine. Ndinkamuuzako za mapazi."

Mayiwo anapinda shati, n'kulipindulanso. "Mawa tipitire limodzi. Mukawauze ahedi."

"Kalata ya adokotala ikwanira. Ine ndikakusiyani pa geti."

Madzulo bambo a mwana ataweruka anawerenga kalata ya dokotala kawiri, chala chikutsata mizere. Anapita m'kanjira muja, n'kuima nthawi yaitali akuyang'ana kampando. Kenako anaitana mwana wawo, osakweza mawu, n'kudikira mpaka atafika.

"Mawa ndili pa ulendo woyamba, sanandilole kusinthana," anauza akazi awo. "Koma ahedi aja ndikuwadziwa, amakwera basi yanga. Pepala lokha sindikudziwa ngati liwatembenuze."

M'mawa mwake anafika kusukulu nthawi isanakwane. Agogo anati atsala pa geti, koma mayiwo atacheuka anawaona akubwera m'mbuyo, n'kuyamba kuyendayenda pa khonde la maofesi.

Ofesi ya ahedi inali yodzaza ndi makabati, zikho za masewera ndi makatoni a choko. Ahediwo anali bambo wamtali wa imvi za m'mbali, wooneka wotopa ngakhale kunali kum'mawa. Pambali panakhala aphunzitsi a kalasi ya mwanayo, mayi wachitsikana, manja atapinda. Ahedi anawerenga kalata ya dokotala mpaka pansi, n'kuiyala pa tebulo.

"Mayi, sindikunyoza adokotala. Koma makalata otere ndimalandira sabata iliyonse, makamaka mwana akakhala pa mlandu. Chikho icho," analoza pa kabati, "anatibweretsera ndi mwana wanu yemweyu. Ndinamuona ndi maso angawa akusiya anzake ngati aima. Lero mukundiuza kuti kudzuka pa desiki kumamukanika?"

"Akakhalitsa, ahedi. Akayamba kuyenda zimamasuka."

"Rula anandikaniza ine," anatero aphunzitsi aja. "Ndinakoka, iye akundiyang'ana m'maso. Kalasi yonse inaseka. Ana makumi asanu ndi limodzi, mayi, mawa aliyense adzati dzanja lakana."

"Muyeseni pompano."

"Mwana wodziwa kuti akuyesedwa achita zimene kalata yanena," anatero ahedi mofatsa. "Ndili ndi makolo khumi ndi awiri akudikira malo. Ndiuzeni chimene ndingagwire."

Mayiwo anatsegula pakamwa, koma za maselo zija zinabalalika. Anangomva nsapato pa khonde, zikupita, zikubwera. Kenako zinaima.

Agogo anagogoda pa chitseko chotsegula, chipewa chili pa chifuwa.

"Pepani, aphunzitsi aakulu. Ndine agogo ake. Ndingabwereke mpando?"

"Si a Sakhalapansi awa?" anatero ahedi, nkhope ikumasuka pang'ono. "Munkatibweretsera makalata kwathu ndili mwana. Amayi ankakupatsani mpando chaka ndi chaka, inu osaulandira."

"Lero ndaulandira."

Anakhala pa mpando wa pafupi ndi khomo, mosamala, ngati munthu wolowa m'madzi ozizira. Anaika manja pa mawondo. Mtsikanayo anawayang'ana kukamwa kuli yasa.

"Pitirizani nkhani yanu," anatero agogo. "Mundipatse mphindi khumi pa wotchi yanuyo. Zikakwana mundiuze kuti ndiimirire, mwamphamvu, ngati mmene mumauzira ana."

Nkhani sinapitirire. Ahedi anatenganso kalata ija, n'kuyamba kuiwerenga kachiwiri, mwina pofuna poika maso. Panja ana ankaimba matebulo a masamu. Mayiwo ankaona thukuta likutsika m'mbali mwa khutu la bambo awo. Phazi lawo lamanja linayamba kugwedezeka lokha mwa chizolowezi, iwo n'kulipanikiza ndi dzanja. Maso awo anali pa khomo, pa zenera, pa khomo. Aphunzitsi aja anamasula manja, n'kuwapindanso.

"Zakwana," anatero ahedi. Anazengereza, popeza kulamula munthu wa msinkhu wa bambo awo sikunawakhalire. "Imirirani, bambo."

"Mwamphamvu."

"Imirirani!"

Agogo anadzikankha. Anakwera theka, n'kuuma pomwepo, msana utawerama, mawondo atapindika, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Thupi lonse linayamba kupendekera kutsogolo ngati mtengo wodulidwa. Ahedi anazungulira tebulo msanga n'kuwagwira dzanja, mayiwo n'kuwagwira phewa. Chipewa chinagwa n'kugubuduka mpaka pansi pa kabati.

"Musawakoke," anatero mtsikanayo. "Zimapweteka mukakoka. Dikirani, agogo, zitha."

Anadikira. Pang'onopang'ono msana unawongoka, mwendo umodzi n'kusuntha, kenako unzake. Agogo anaima, akupuma mwamphamvu.

"Zikomo. Tsopano tengani dzanja lanu, aphunzitsi aakulu."

Ahedi anayesa kuchotsa dzanja, koma zala za agogo zinali zitalizinga ngati pulayala. Anakoka pang'ono. Agogo ankawayang'ana m'maso, popeza panalibe kwina koyang'ana.

"Ndasiya kalekale," anatero agogo. "Mumtima ndasiya. Uthenga wafika, koma a m'nyumbamo sakutsegula."

Zala zinatseguka chimodzichimodzi. Aphunzitsi a kalasi aja anali atagwira pakamwa. Anayang'ana dzanja la agogo, kenako la mwanayo, n'kuwerama kukatola chipewa pansi pa kabati. Anachipukuta fumbi ndi mkono wa bulauzi asanachipereke.

"Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri," anatero agogo. "Ndinachotsedwapo ntchito chifukwa cha zimenezi, ankati ndi mowa. Uyu mukuti ndi mwano. Ine ndinabisa, ndipo kubisa kwangako n'kumene kwamufikitsa mu ofesi muno. Mlandu ngati ulipo, ndi wanga."

Ahedi anabwerera pa mpando wawo akusisita dzanja. Anatenga kalata ya sukulu ija, n'kuiika m'dirowa.

"Adokotala akuti tichite chiyani?"

"Azigwedeza mapazi ndi zala ali pa desiki," anatero mayiwo. "Asamadzidzimutsidwe. Pa masitepe azigwira chitsulo."

"Ndimuika kumapeto kwa mzere, pafupi ndi khoma," anatero aphunzitsi aja. "Wofufuta bolodi azikhala iyeyo, aziimirira pafupipafupi." Anatembenukira kwa mwanayo. "Bwanji sunandiuze?"

"Ndinakuuzani, madamu."

"Unandiuzadi," anatero aphunzitsiwo. "Tiye, masamu ayamba. Yamba wagwedeza mapaziwo, ndikudikira."

Madzulo a tsikulo tiyi anathiridwa m'makapu asanu. Azakhali anali atachotsa zovala zosita pa mpando wa pafupi ndi khitchini n'kuziunjika pa kampando kamatabwa kaja, ati n'kumene zikukwana bwino. Agogo anauzungulira mpandowo kawiri, kapu ili m'manja.

"Khalani, bambo, suluma," anatero azakhali. "Mukagwa tikutolani, tilipo ambiri."

Anakhala. Anamwa kamodzi, kawiri, maso ali pa zenera. Tiyi atafika theka anayamba kuyang'ana uku ndi uku, ndipo mayi a mwana anadziwa kuti kapuyo saimaliza ali pansi. Mtsikanayo anawerama, n'kuwagogoda bondo ndi supuni.

"Gwedezani mapazi, mnzanga," anatero. "Kenako mundipatsireko shuga."